Kathabwa Kotsiriza ka Ba Kapiteni

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikire m'manda ambuya anga aamuna, a Laitoni Mbewe, amene anthu a ku Kafue Estates ankawadziwa ndi dzina lakuti ba Kapiteni. Amalume Dani, mwana wawo, anandipempha kuti ndilembe mawu owerenga pa tsiku lovundukula mwala wa pamanda. Ndinalemba zimene zimayenera kulembedwa: kuti anagwira ntchito ku njanji mpaka kupuma, kuti ankaimba besi m'kwaya ya amuna, kuti sanamenyepo munthu. Anthu anagwedeza mitu, tinadya, tinabalalika. Koma pobwerera kunyumba ambuya aakazi anandifunsa chifukwa chake sindinatchule bwato. N'chifukwa chake ndalemba izi. Ngati penapake ndalakwitsa, akuluakulu andikonze.

Dzina la Kapiteni linayamba ngati chipongwe. Munthuyu anakhala pafupi ndi mtsinje wa Kafue kuyambira ali mnyamata, koma sanapondepo m'bwato. Madzi ankawaopa. Ngakhale minibasi ikamawoloka mlatho, iwo ankayang'ana pamaondo awo mpaka itafika tsidya. Mabwato awo anali a pathebulo. Ankabwera m'mabokosi ali tizidutswa: timatabwa topyapyala ngati tsamba la mlaza, timitengo, ulusi, kansalu ka thanga, ndi pepala lalikulu la zithunzi. Iwo ankalumikiza zimenezi kwa miyezi, mpaka pathebulo pataima bwato lotalika ngati mkono wa munthu, lokhala ndi chilichonse chimene bwato lenileni limakhala nacho, kungochotsapo ulendo.

Ine ndinabwera kuno nditamaliza sukulu kumudzi kwathu ku Katete. Ambuya aakazi, aNankhoma, ndi akulu awo a ambuya anga ondibalira amayi, aLusiya. Ponditsanzika, aLusiya anandigwira dzanja nati, "Ukawathandize kumanga katundu. Chaka chino akulu anga akubwera ndithu." Nditafika ndinapeza kuti katundu anamangidwa kalekale. Pansi pa bedi panali thiranki yachitsulo yodzaza mbale, zitenje ndi mabulangete, loko wake atachita dzimbiri. Chimene chinali chisanamangidwe ndi mwamuna wa pakhomopo.

Ndinawapeza pakhonde la kuseri, ataweramira kabwato kamene kanali nthiti zokhazokha. Ndinagwada, ndinapereka moni wa kumudzi wonse. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ni iwe wamene bakutuma kuti unitenge?"

"Inde, ambuya. Iyayi, ambuya."

"Inde olo iyayi?"

Anandilozera kathabwa.

"Gwila apa. Osapema maningi."

Ndinagwira kathabwa ndi zala ziwiri mpaka zinachita dzanzi, ndikuopa ngakhale kupuma monga anandilamulira. Umo ndi mmene anandilandirira.

Thebulo lawo linali chitseko chakale chogonekedwa pa madiramu awiri. Ankayamba ntchito akamwa tiyi, n'kuleka dzuwa likafika pathebulopo, chifukwa ati guluu akapsa ndi dzuwa amanama, amaoneka ngati wagwira pomwe sanagwire. Masana ankagona pampando pomwepo, kukamwa kuli yasa, ntchentche zikuyenda pa sandipepa. Sitima ikalira ku siteshoni, zimene masiku ano sizichitika kawirikawiri, ankadzutsa mutu n'kuyang'ana padzanja pamene kale pankakhala wotchi, kenako n'kutsinzinanso. Sanali munthu wa nthabwala zambiri. Ankaoneka wotopa nthawi zonse, kutopa kwa munthu amene wanyamula kanthu kopepuka mtunda wautali.

Za mmene anayambira anandiuza ndi amalume Dani. Atapuma ntchito, ambuya anatha miyezi akungozungulira pabwalo ngati nkhuku yosowa poikira. Amalume amayendetsa thiraki ya katundu kupita kumwera, ndipo ulendo wina anabwera ndi bokosi limene anagulira mwana wawo, poganiza kuti m'katimo muli bwato lothatha monga linkaonekera pachithunzi. Mwana atatsegula n'kupeza timatabwa, analira. Bokosi linatsala pakhonde la ambuya, ndipo mmawa wina anapezeka atalitsegula.

Bwato loyambalo linapotoka. Anathothola tizidutswa tonse tsiku limodzi osayamba alembapo manambala ake, ndiye anavutika kwa milungu kufananiza chilichonse ndi chithunzi, pakuti mawu a papepala anali m'chilankhulo chimene panalibe wochidziwa mumzere wathu wonse. Nthiti anazimata pamsana mothamanga. Matabwa anamaliza mbali imodzi yonse asanakhudze inayo. Litauma, bwato linakhota ngati nthochi. Sanalitaye. Linkakhala pamwamba pa kabati, ndipo aliyense wonena kuti akufuna kuyamba ankamuonetsa limeneli asanamuonetse okongola aja.

Ofuna kuyamba sanali ambiri, ndipo ambiri mwa ochepawo sankabweranso. Koma malangizo anali omwewo kwa onse. Ankati woyamba asankhe bokosi laling'ono, la mlongoti umodzi, osati lija limene lamukopa mtima pachithunzi. Ankati chidutswa chilichonse uyambe wachiyesa chouma, uchichotse, uchiyesenso, usanatsegule botolo, pakuti guluu sadziwa mawu akuti pepani. Kathabwa ukaika kumanja, kanzake uike kumanzere tsiku lomwelo, apo ayi msana umatsata mbali yolemera. Ankatinso thabwa salikakamiza: umaliviika m'madzi otentha, umalikulunga pa botolo, umalisiya ligone, mawa limakhota lokha. Za lezala ankati wobuntha ndiye amacheka chala, chifukwa umamukankha ndi mkwiyo.

Madzi otenthawo ankachokera m'flasiki ya aNankhoma, ndipo zopanira matabwa zinali mapegi awo oyanikira zovala. Nkhondo ya pakhomopo inkayambira pamenepa pafupifupi Lolemba lililonse.

"AMbewe, mapegi anga."

"Yali pa nchito, amake Dani."

"Nanga malaya anuwa ndiwayanike ndi mano?"

"Fakani pa mpanda. Mailo nizabweza."

"Mawa lanu ndimalidziwa. Ndinakalamba nalo."

Awiriwa anakhala limodzi zaka zoposa makumi asanu, koma ankayankhula ngati anthu a maiko awiri. Ambuya aamuna anameza chinenero cha m'tauni chonse, ndi manje ndi mailo zake. ANankhoma anakana. Ankayankhula Chichewa cha kumudzi ngati achokako dzulo, ngakhale pamsika, ngakhale kwa kondakitala. Ankati sangasinthe lilime chifukwa cha malo amene akungodutsapo.

Pamenepa ndiye panagona nkhani. ANankhoma ankafuna kubwerera kwawo, akakhale pafupi ndi mng'ono wawo aLusiya mmodzi wa iwo asanatseke maso. Anasiyana ali atsikana, ndipo pa zaka zonsezo ankaonana pa maliro pokha. Ambuya aamuna sanakanepo ngakhale tsiku limodzi. Yankho lawo linali liwu limodzi: nikasiliza, ndiko kuti ndikamaliza. Poyamba linali lakuti ana akamaliza sukulu. Kenako linali lakuti iwo akamaliza ntchito ku njanji. Atapuma, aNankhoma anagula thiranki ija. Ndipo m'pamene bokosi loyamba linafika.

Kuyambira pamenepo pathebulo sipanasowepo bwato losatha. Lina likatsala pang'ono, amalume Dani ankatulukira ndi bokosi latsopano, ndipo ambuya ankaimika msana wa latsopanolo asanamange ulusi wotsiriza pa lakale. Motero tsiku lililonse limene aNankhoma anafunsa, panali chinthu choloza. Ine ndinkavomera onse awiri. Ambuya aakazi akati chaka chino tikupita, ndinkati inde. Ambuya aamuna akati ndigwire apa, ndinkagwira.

Chaka changa chachiwiri pakhomopo aNankhoma anatulukira chinyengocho, kapena ndinene kuti anatopa kunamizira kusachiona. Anawadikira amalume Dani pageti.

"Iwe Dani, ukabweranso ndi bokosi, ukagone nalo m'thiraki mwakomo."

"Amai, ni vosewela chabe. Vibathandiza ba tate kuti basaganize maningi."

"Aganize. Ine ndaganiza ndekha zaka zonsezi."

Mabokosi anasiya kubwera. Panatsala bwato limodzi, la mlongoti umodzi ndi thanga loyera, ndipo ambuya analikoka monga mwana amakokera nyama yotsiriza m'mbale. Anamaliza pamwamba pake, anaimika mlongoti, anasoka thanga, anamanga tizingwe tonse. Kumanzere, pafupi ndi pansi, anasiya mpata wa kathabwa kamodzi. Kathabwako kanali pathebulo, kodulidwa kale. Tsiku lina ankati kunja kuli chinyontho. Tsiku lina ankati maso akuwawa. Mvula inabwera, inapita, mpata uli pomwepo.

Mnzawo weniweni anali mmodzi, ba Mweemba, Mtonga wa ku Chanyanya amene kale ankasema mabwato a asodzi, ndipo atakalamba ankagulitsa nsomba pa njinga. Ankafika chakumasana, n'kutsamiritsa njinga pamtengo wa mango, n'kuyamba mkangano umodzimodzi umene sunkatha. Ba Mweemba ankati kwawo bwato silitchedwa bwato mpaka litalowa m'madzi. Lisanalowe likadali mtengo, ngakhale ulipake utoto. Ambuya ankati awo ndi oonera ndi maso, ndipo munthu wosema zigogo sangamvetse.

"Muli shani, ba Kapiteni? Lelo tiyenda kuti, ku Livingstone olo pa kabati?"

"Iwe gulisa nsomba zako. Zayamba kununkha."

"Zanga zinangenako pa manzi, mudala. Yako iyopa na mame."

Tsiku lina ndikusenda mbatata kuseri kwa khoma ndinamva mawu awo atatsika. Ba Mweemba anafunsa chifukwa chake sangomupititsa mayiyo kwawo. Ambuya anati:

"Kwathu, kwathu. Kwa ndani? Kuja ni kwa beve. Ine kuja ndine mkamwini. Nikafuna kudula mtengo nizapempha kuli mwana wamene ninamuona na mamina. Pano olo baniseka, banitana Kapiteni."

Kwa amene sadziwa za kwathu: mwamuna akakwatira amakakhala kumudzi kwa mkazi, ndipo kumeneko mawu ake amakhala aafupi ngakhale tsitsi litayera. Ambuya anachoka ndi mkazi wawo atangokwatira, kutsata ntchito ya njanji, choncho moyo umenewo sanaulawe. Unkawadikira. Mudzi wa amayi awo enieni unapasuka kalekale, anthu ake anabalalikira m'mafamu ndi m'migodi. Akamati kwathu, aNankhoma ankaona nyumba, mtengo ndi mng'ono wawo. Ambuya aamuna sankaona kanthu.

Anamwalira nyengo yozizira, atadwala chifuwa masiku ochepa. M'chipatala sanasiye mawu aakulu monga anthu amayembekezera. Anadandaula za phala, anafunsa ngati amalume Dani afika pamalire. Ine nditawerama kuti ndiwakonzere pilo anandigwira malaya nati, "Uuze ambuya bako basachose mapegi. Siinaume." Ndinati inde. Koma izi zinachitika pambuyo pake. Tsiku limene ndikufuna kuti likumbukike ndi la ku Chanyanya.

Foni inabwera kuchokera kumudzi kuti aLusiya adwala kwambiri, sakudzukanso pamphasa. ANankhoma sanakangane ndi munthu sabata imeneyo, ngakhale za mapegi. Litafika tsiku la ambuya aamuna lopita ku kiliniki kukayezetsa kuthamanga kwa magazi, anawaperekeza mpaka pageti, anadikira akhote pakona, n'kubwerera molunjika pakhonde la kuseri. Anakhala pampando umene sanakhalepo chiyambire. Anafufuza pathebulo, pansi pake, m'chitini cha misomali. Botolo la guluu woyera panalibe. Mwini wake anali atapita nalo ku kiliniki m'thumba la jekete.

ANankhoma anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. Kenako anandituma pa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu, kukagula supagulu, uja timamatira nsapato ndi zogwirira makapu.

Ndinkaganiza kuti angopaka n'kukanikiza. Ayi. Anathira madzi a m'flasiki m'mbale, anaviika kathabwa, anakakulunga pa botolo, anakamanga ndi ulusi, anapita kukaphika ndiwo. Atabwerako anakayesa chouma, anakachotsa, anapala m'mphepete ndi sandipepa, anakayesanso. Atakhutira m'pamene anadontheza guluu pa nthiti, n'kupanira ndi mapegi awo omwe.

Ambuya aamuna anabwera dzuwa litapendeka, mapilisi ali m'kapepala. Anapeza akazi awo atakhala pa mphasa pafupi ndi thebulo.

"Latha, aMbewe."

Anaika mapilisi pansi. Ananyamula bwato, analitembenuza, anayendetsa chala chachikulu pamene panali mpata. Anachita zimenezi nthawi yaitali.

"Ndani wafaka?"

"Ine."

"Munaviika?"

"Ndinaviika. Zaka zonsezi ndikukuonererani, mumayesa ndinkaona chiyani?"

"Mwafaka bwino."

"Dani akudutsa Loweruka. Thiranki ndi yomanga kale."

Ambuya anabweza bwato pa choimikira chake. Anakhala pampando, anavula magalasi, anawapukuta ndi malaya.

"Siinasile," anatero.

"Chatsala n'chiyani?"

"Mweemba akamba ati bwato siisila ngati siinangene pa manzi."

"Mweemba yemwe uja mumati ndi wosema zigogo?"

"Pali vina vamene aziba."

ANankhoma anawayang'ana, kenako anayang'ana ine, ngati ndingathe kunenapo kanthu. Ine ndinayang'ana pansi. Onse atatu tinkadziwa kuti guluu woyera uja sagwirizana ndi madzi. Ambuya ankanena okha kawirikawiri, pochenjeza ana kuti asayandikire ndi manja onyowa.

Mmawa mwake tinakwera kagalimoto konyamula amayi ogula nsomba. Ambuya anafungatira bwato m'katoni ulendo wonse, fumbi likulowa m'kamwa. ANankhoma anavala chitenje chawo cha ku tchalitchi. Ku Chanyanya tinapeza mabwato atabwerako kale, amayi akulimbirana nsomba m'mabeseni, njinga zitatsamira paliponse. Ba Mweemba anali pansi pa mtengo akusoka ukonde wa mwana wawo. Ataona katoni anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mnzawo analeka.

"Mudala, nenze kukuseka chabe. Iyo ni ya pa kabati."

"Unakamba weka."

"Nakamba vambili pa umoyo wanga. Bweza mu katoni."

Ambuya anavula nsapato ndi masokosi, anapinda buluku. Mapazi awo anali otuwa ngati a munthu wodwala. Analowa m'madzi, munthu amene ankayang'ana pamaondo powoloka mlatho, mpaka madzi anafika m'maondo. Anamanga ulusi kutsogolo kwa bwato, analiika pamadzi pang'onopang'ono, n'kuchotsa manja.

Linaima. Kwa kanthawi kochepa linaima mowongoka, thanga litatupa, ndipo ana amene ankasamba pafupi anasiya phokoso. Linali lokongola kuposa mmene linkaonekera pathebulo, ndiyenera kunena zimenezo. Kenako kamphepo kanabwera kuchokera m'mabango, bwato linagona cham'mbali, thanga linamwa madzi.

"Donsa, mudala," anatero ba Mweemba. "Donsa manje, izapola."

Sanakoke. Anaima pomwepo ulusi uli m'manja, akuyang'ana. Amayi a nsomba anaseka, anatopa, anabwerera ku mabeseni awo. Dzuwa linakwera. Madzi ozungulira bwato anayamba kuyera ngati muli mkaka, ndipo timatabwa tinayamba kutukuka, kamodzikamodzi, n'kuyandama patokha. ANankhoma anakhala pa bwato lenileni lotembenuzidwa, manja ali pamiyendo. Sanakalipe, sanalire. Ankangoonerera ntchito ya miyezi yambirimbiri ikusungunuka, monga munthu amaonerera mvula ikugwa pa ufa umene wayanika kutali.

Pamene anakoka ulusi, chimene chinatuluka chinali msana ndi nthiti, thanga likulendewera ngati sanza. Matabwa onse anali atachoka kupatula kamodzi, kumanzere pafupi ndi pansi. Supagulu wa pa kantemba sanamve madzi.

"Ya amai yagwila," anatero ba Mweemba. Anafuna kuseka, koma anakhosomola m'malo mwake.

Ambuya anatuluka m'madzi n'kukaima pamaso pa akazi awo, matope ali m'mapazi, chigoba chija chikudontha.

"Mukanangonena, aMbewe," anatero aNankhoma. Mawu awo anali otsika, ngati a munthu amene wayenda tsiku lonse. "Mukanangonena kuti simukufuna. Ndikanamasula thiranki kalekale, ndikanadyera m'mbale zanga."

"Nenze kuyopa kuti muzayenda mweka."

ANankhoma anayang'ana kumtsinje. Kenako anati, "Valani nsapato. Muzizidwa."

Ana aja anatolera timatabwa m'mabango n'kutibweretsera, ndipo ambuya anatiika m'pepala la pulasitiki kamodzikamodzi, akuthokoza mwana aliyense.

Loweruka aNankhoma anapita kumudzi popanda amuna awo, ine ndikuwaperekeza. Thiranki inatsala. Tinapeza aLusiya atasiya kale kuzindikira anthu. Akulu awo anawagwira dzanja, anawatchula dzina la paubwana, koma wodwalayo ankangoyang'ana kudenga. Atamwalira tinaika maliro, tinadikira kumeta, tinabwerera ku Kafue. M'basi aNankhoma anandiuza kuti mtengo umene ankaukumbuka unadulidwa, ndipo ana a m'mudzimo ankawatchula kuti agogo a ku Kafue.

Sindinganene kuti anawakhululukira msanga. Kwa miyezi ankawaikira nshima pathebulo n'kukadyera kukhitchini. Tsiku lina akuanula zovala ananena, osatembenuka, kuti mng'ono wawo anawadikira mpaka anatopa. Ndinangomva sandipepa wa ambuya aamuna atasiya kulira, kenako n'kuyambiranso. Koma thiranki aNankhoma anaimasula. Loko anachita kuthyola ndi nyundo, ndipo mbale zimene zinadikira zaka zonsezo tinayamba kudyeramo masiku wamba.

Ambuya anaumitsa timatabwa tija pamthunzi n'kuyamba kumanganso bwato lomwelo, kuyambira pa kathabwa ka akazi awo kupita m'mwamba. Ndikhulupirira kuti ulendo uno ankafunadi kumaliza, pakuti panalibenso chimene chinkadikira kumapeto kwake. Koma maso anali atafooka, ndipo matabwa amene anamwapo madzi a mtsinje sankamvera ngati kale. Kumanzere anatseka. Kumanja anafika pakati.

Titaika maliro awo, abale ochokera ku Katete anakhala pansi ndi aNankhoma monga mwa mwambo. Amayi anga ndiwo anayankhula.

"Amayi aakulu, tsopano tiyeni kwathu. Chokusungani kuno palibenso. Nyumba tikumangirani pafupi ndi yanga."

ANankhoma anayang'ana chakukhonde la kuseri.

"Nikasiliza," anatero.

Ena anaseka, poganiza kuti akuyerekeza malemu. Kanali koyamba kuti aliyense wa ife awamve akutchula liwu la m'tauni. Iwo sanaseke. Sabata yathayi, titavundukula mwala, amayi anafunsanso, ndipo yankho linali lomwelo. Bwatolo sanayesepo kulimaliza ngakhale tsiku limodzi.

Khonde la kuseri lili monga analisiyira. Chitseko chikadali pa madiramu ake, ndipo pamene ankaika zigongono utoto unachoka, panatsala mabala awiri osalala. Botolo lokulungira matabwa lili pakona, lezala wachita dzimbiri, guluu woyera anauma m'botolo mwake. Mpando unafwefwera pakati ndipo palibe amene amakhalapo. Mmawa aNankhoma amasesa mouzungulira osausuntha. Ba Mweemba akadutsa amaimika njinga pa mango, amapereka moni pageti, sapitanso kuseri. Dzuwa likafika pathebulo, ambuya aakazi amasiya chimene akuchita n'kukaphimba bwato ndi chitenje, madzulo n'kuchichotsa. Kumanja kwake nthiti zikuonekabe, ndipo pa kathabwa kamene amuna awo anamata komaliza mapegi akulumabe, ngakhale guluu wake anauma chaka chatha. Oyanikira zovala anakagula ena kumsika. Akalewo akadali pa ntchito.